Datsun 1200 ya amalume: kodi kainjini kake n'kokwanira, kapena ndisinthe?

Funso lachokera kwa mphunzitsi wa ku Katete: "Amalume anga atatisiya, banja linandipatsa kapikapu kawo ka Datsun 1200. Dzimbiri ndi lochepa, ndipo injini ndi yomwe galimotoyo inabwera nayo. Vuto ndi lakuti pachitunda imafooka, mpaka a mabasi amandiimbira hutala. Anzanga akuti kainjini ka 1200 n'kachabe masiku ano, ndichotse ndiike ya Corolla. Ine ndikufuna kuyendera kusukulu, kupita ku Chipata kumapeto kwa mwezi, kututira chimanga, ndiponso kamodzikamodzi kufika ku Lusaka. Kodi injini imeneyi ingakwanitse?"

Aphunzitsi, pepani ndi imfa ya amalume, ndipo mwachita bwino kusunga galimoto yawo m'malo moigulitsa kwa ogula zitsulo zakutha. Injini imeneyo ndi yokwanira pa ntchito mwatchulazo, musaichotse. Pa chimanga pokha ndi pamene pali mawu, ndipo tifikapo. Chondidetsa nkhawa ndi kufookako, chifukwa Datsun 1200 yathanzi, yopanda katundu, siyenera kuimbiridwa hutala pa zitunda za pakati pa Katete ndi Chipata. Ngati yanu ikutero ndiye kuti ikudwala. Ng'ombe yomwe yawonda ndi chilimwe ikalephera kukoka ngolo mu Okutobala, mwini wake sanena kuti mtundu wake ndi wachabe. Amayamba waidyetsa kaye, kenako n'kuona.

Injini yanuyo dzina lake ndi A12. Ili ndi masilinda anayi, kukula kwake ndi 1,171 cc, ndipo a fakitale ankailembera hosipawa pafupifupi 68. Kayezedwe ka masiku amenewo kanali kowolowa manja, choncho mphamvu yeniyeni ili pansiko pang'ono. Anzanuwo akamva nambala imeneyi amaseka, koma safunsa kuti injiniyo ikukoka chiyani. Kapikapu ka 1200, komwe kanayamba kupangidwa mu 1971, kamalemera makilogalamu 700 ndi pang'ono chabe. Mulibe makina oziziritsa mpweya, mulibe pampu yofewetsa chiwongolero, mulibe chilichonse chodyera injini mphamvu kupatula fani, pampu ya madzi ndi chotchajira batire. Ndiye taonani ma Vitz a 1.0 omwe mumakumana nawo m'misewu ya mu Chipata. Injini yawo ndi yaing'ono kuposa yanu, hosipawa zake zili cha m'ma 70, thupi ndi lolemera kuposa la Datsun, koma palibe amene amauza eni ake kuti achotse injini.

A12 inapangidwa kuti izizungulira mothamanga. Kirankishafuti yake yagona pa mabering'i asanu, mavalavu amakankhidwa ndi timitengo tachitsulo, ndipo m'malo mwa lamba wa taiming'i muli tcheni. Mphamvu yake yokoka imafika pachimake injini ikamazungulira cha m'ma 3,600 pa mphindi, ndipo hosipawa zija zimapezeka pa 6,000. Apa ndi pamene ambiri amaichimwira. Munthu wozolowera Hilux ya dizilo amafika pachitunda ali mu giya yachinayi pa liwiro la 50, n'kumangoponda moto, kudikira kuti galimoto ikoke yokha. Pa liwiro limenelo A12 ikuzungulira cha m'ma 2,000 basi, ndipo pamenepo ilibe mawu. Tsikani mu yachitatu chitunda chisanakulemereni, muilole ilire. Kulirako sikuiwononga. Chimene chimaipweteka ndi kuikakamiza mu giya yapamwamba mpaka izigogoda.

China chimene sitingachisinthe ndi dziko lathu. Katete ndi Chipata zili pamtunda wopitirira mamita 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo kumtunda mpweya ndi wopepuka. Injini yopanda tebo imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 100 a mphamvu yake pa mamita 100 alionse okwera. Ndiye kuno kwathu gawo limodzi mwa magawo khumi lapita kale musanalize n'komwe. Ya Corolla nayonso imataya chimodzimodzi, kungoti kompyuta yake imachepetsa yokha petulo kuti agwirizane ndi mpweyawo, pamene kabureta imangothira monga inaikidwira. N'chifukwa chake magalimoto akale ambiri kuno amayenda ndi petulo wochuluka kuposa mpweya, mapulagi n'kumada bii. Zimenezi makaniko wodziwa kabureta amazikonza.

Tsono musanagule kanthu kalikonse, yezetsani kompuresheni, kutanthauza mphamvu imene pisitoni imapanikizira mpweya m'silinda. Ndi ntchito ya mphindi zochepa, koma ndi imene ikuuzeni ngati injini ili moyo. Injini ikhale yotentha, mapulagi onse anayi achotsedwe, akisileta ipondedwe mpaka pansi, ndipo batire likhale lamphamvu. Inuyo muimirire pomwepo, mulembe nambala za masilinda onse anayi papepala. Chofunika kwambiri ndi chakuti nambalazo ziyandikane, zisasiyane kuposa gawo limodzi mwa magawo khumi. Zonse zikakhala pansi pa 9 bar, injiniyo yatopa. Silinda imodzi ikatsika yokha, thiranimo supuni ya oyilo pabowo la pulagi, muyezenso. Nambala ikakwera, maring'i atha. Ikapanda kusuntha, valavu ikutulutsa mpweya. Masilinda awiri oyandikana akatsikira pamodzi, kayikirani gasiketi ya hedi. Ndikukupemphani kuti muone nokha nambalazo chifukwa mawu akuti "injini yatha" amatuluka msanga pakamwa pa munthu amene ali ndi injini ina yoti akugulitseni.

Ngakhale zitapezeka kuti yatopadi, A12 imakonzeka. Buloko yake ndi yachitsulo cholimba, imalola kukulitsa masilinda n'kuikamo mapisitoni okulirapo, ndipo maring'i, mabering'i ndi magasiketi a mainjini a mtundu wa A sasowa kwenikweni, popeza mng'ono wake wa galimoto yanu, Nissan 1400, anapangidwa ku Rosslyn ku South Africa mpaka 2008. Si zonse za 1400 zimene zimalowa mu 1200, mapisitoni ndi osiyana, choncho pokagula tengani chakalecho m'manja.

Kompuresheni ikakhala bwino, mphamvu yanu yabisala m'tinthu ting'onoting'ono, ndipo apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pamene magalimoto ambiri otere amapezera moyo. Yambani ndi mavalavu. Mpata wake pa A12 ndi 0.35 mm injini ili yotentha. Petulo wokhala ndi mtovu, amene ankateteza pokhalira mavalavu, anasiya kugulitsidwa m'maiko athu ano cha mu 2006, ndipo pa mahedi ena akale valavu ya utsi imamira pang'onopang'ono, mpata n'kumatsekeka. Valavu yopanda mpata sitseka bwino, imataya mphamvu, mapeto ake imapsa. Mukaona kuti nthawi iliyonse yoyeza mpata wachepanso, hediyo ikufunika kuikidwa pokhalira polimba.

Kenako tsegulani disitibyuta, chipangizo chogawira moto ku mapulagi. Mapointi akhale oyera, mpata wake pafupifupi 0.5 mm, ndipo taiming'i iikidwe ndi nyale yake, osati ndi khutu. Pansi pa mbale ya mapointi pali tizitsulo tiwiri tokhala ndi masipuling'i, timene timatambasuka injini ikamathamanga kuti moto uzifika msanga. Galimoto ikakhalitsa osayenda, monga zimachitikira mwini wake akadwala nthawi yaitali, tizitsulo timeneti timagwidwa ndi dzimbiri. Zikatero injini imalira bwinobwino ili chiimire, pamalo athyathyathya imayenda, koma pachitunda imangoti fwaa, ngati mmene mwafotokozeramu. Gwirani rota, kachipangizo kozungulira kapakati pa disitibyuta, muipotoze pang'ono: iyenera kusuntha n'kubwerera yokha. Pambali pa disitibyuta palinso kachitini kolumikizidwa ndi kapaipi kochokera ku kabureta. Yamwani kapaipiko, mbale ya mapointi isunthe. Mpweya ukamangodutsa, kachikopa ka mkati kang'ambika.

Kabureta ya Hitachi ya pa injini imeneyi ili ndi mimero iwiri. Woyamba ndi woyendera masiku onse, wachiwiri umatseguka pokhapokha mwaponda kwambiri, ndipo ndi umene umakukwezani chitunda. Wina akhale mkati aponde akisileta mpaka pansi injini ili yozima, inu muyang'ane ngati chingwe chikutsegula kabureta mpaka kumapeto. Chingwe cha zaka zambiri chimatamuka, ndipo munthu amatha kuyenda chaka chonse akugwiritsa ntchito theka la kabureta osadziwa. Majeti a mmero wachiwiri amatsekekanso ndi zinyalala za mu thanki yakale. Sefa ya mpweya musaiiwale. Fumbi la m'misewu ya kumidzi, ngati wopita ku Vubwi nthawi yachilimwe, limaitseka msanga, ndipo kuiphulitsa ndi mpweya sikuibwezera mwakale. Pomaliza gwadani muone paipi ya utsi ngati sinaphwanyike pamwala, ndipo mukayenda makilomita angapo gwirani malimu onse anayi. Limu lotentha kuposa anzake likutanthauza kuti buleki ikugwira yokha, ndiye kuti injini ikulimbana ndi galimoto yake yomwe.

Simunanene za matayala, koma ndikufunsani: kodi ndi a 12 inchi omwe galimotoyo inabwera nawo? Popeza matayala a 12 akusowa, ambiri amaika a 14 ochokera pa magalimoto ena, ena n'cholinga choti galimoto ikwere pamwamba. Tayala la 185/70 R14 ndi lalitali kuposa la 155 R12 ndi gawo limodzi mwa magawo khumi, ndipo mphamvu yokoka pa giya iliyonse imatsika ndi muyeso womwewo. Onjezani pa zomwe mpweya wakumtunda watenga kale, muona chifukwa chake galimoto ikuoneka yaulesi. Ngati a 12 sakupezeka, a 13 inchi aafupi, monga 155/70 kapena 165/70, amayandikira kwambiri msinkhu woyambawo.

Tsopano chimanga. Kapikapu aka n'konyamula theka la tani, ndiye kuti matumba khumi a makilogalamu 50, ndipo wokwera naye aliyense amachotsapo thumba limodzi ndi kanthu. Matumba asanu ndi atatu kuchokera kumunda kupita kunyumba kapena ku depoti ya FRA, bungwe la boma logula chimanga, mu giya yachiwiri ndi yachitatu, A12 imakoka popanda kudandaula. Koma ngati mukufuna matumba 20 ulendo umodzi, injini yaikulu sikuthandizani. Idzangokupatsani mphamvu yonyamula zimene masipuling'i, ekiselo, mabering'i a kumbuyo ndi mabuleki sizingathe. Zokolola zikachuluka, bwerekani Canter tsiku limodzi, kapena yendani maulendo atatu.

Ulendo wa ku Lusaka ndi wotheka, bola muvomere liwiro lake. Giyabokosi yanu ili ndi magiya anayi, ndipo pa 100 injini imazungulira cha m'ma 4,000, phokoso lili tho m'kabini. Pa 80 mpaka 90 imayenda tsiku lonse mosatekeseka ndipo petulo imamwa mwaulemu. Kuchokera ku Katete ndi makilomita pafupifupi 500, choncho nyamukani m'bandakucha, muwoloke mlatho wa Luangwa dzuwa lisanakwere. Mabasi aakulu akabwera kumbuyo, apatseni njira pamalo abwino. Ngakhale mukanakhala ndi injini ya Corolla sindikanakulangizani kupikisana nawo muli m'kabini kopyapyala kotero. Podutsa malole muzidikira pamene mukuona patali, chifukwa apa ndiye pamene kuchepa kwa injini kumaonekeradi, ndipo sindikubisirani.

Pa msewu umenewo adani anu ndi awiri, kutentha ndi mabuleki. Kuchigwa cha Luangwa mu Okutobala kumatentha mpaka kufika madigiri 40, kenako mukuyamba kukwera mapiri a Manenekera mu giya yachitatu kwa nthawi yaitali. Rediyeta imene yakhala ikumwa madzi a pa mjigo zaka zonsezi imakhala itatsekeka mkati ndi miyala yoyera. Ipititseni akaitsegule n'kuitsuka timapaipi take, kapena aike pakati patsopano. Sinthani mapaipi a rabara, chivundikiro ndi lamba wa fani, ndipo muzithira kulanti, madzi amankhwala a mu rediyeta, chifukwa hedi ya A12 ndi ya aluminiyamu ndipo madzi okhaokha amaidya. Themositati, kavalavu kosunga injini pa kutentha koyenera, ibwerere m'malo mwake ngati inachotsedwa. Chizolowezi chochotsa themositati chafala kwambiri kuno, koma injini yoyenda yozizira m'mawa wa mu Juni imadya petulo wambiri ndipo masilinda ake amatha msanga.

Mabuleki ndiwo amandisowetsa tulo kuposa injini. Mapikapu oyambirira a 1200 ali ndi madilamu kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Dilamu ikatentha pa mtsetse wautali imafutukuka, phazi limapita pansi, galimoto osaima. Potsika kuchokera ku Kacholola kulowera ku mlatho, kapena potsika Manenekera pobwerera, giya imene mukanakwerera ndi imene mutsikire, injini izigwira galimoto. Mafuta a mabuleki akale amayamwa chinyezi ndipo amawira msanga, choncho akhetseni onse muike atsopano, musinthenso timapaipi ta rabara ndi marabara a m'masilinda a mabuleki. Ndalama zimene munasungira injini ya Corolla ziyambire apa.

Za injini ya Corolla ija, anzanuwo akuuzani mtengo wa injini yokha. Mainjini a Corolla omwe ali mbwee pamsika, monga 5A-FE, anapangidwa kuti agone chopingasa n'kumakoka matayala a kutsogolo. Datsun yanu injini imagona chautali n'kumakoka a kumbuyo. Ndiye pafunika giyabokosi ina yoti igwirizane nayo, zogwirira injini zowotcherera, sampu yosinthidwa kuti isagunde chitsulo cha pansi, pulopushafuti yodulidwa, pampu ya petulo yamagetsi yamphamvu ndi paipi yobwezera petulo ku thanki, kompyuta ndi mtolo wake wonse wa mawaya. Chilichonse mwa izi ndi malo pamene ntchito ingalakwike, ndipo ndaona mapikapu abwinobwino atakhala pa mawe kuseri kwa magalaja zaka, atadulidwadulidwa, mwini wake ndalama zitamuthera pakati. Zikatheka bwino, muli ndi hosipawa pafupifupi 100 pa difu yaing'ono ndi mabuleki omwe anayezedwera 68. Ndiponso galimoto imene lero ikhoza kukonzedwa pansi pa mtengo ku Sinda kapena ku Nyimba ndi sipanala, sikuludiraiva ndi mapointi a m'thumba, idzafuna munthu wa makina oyezera kompyuta.

Palinso za boma. Nambala ya injini inalembedwa mu white book, buku la umwini wa galimoto, ndipo mukasintha injini muyenera kukadziwitsa a RTSA, bungwe la boma lolembetsa magalimoto, kuti akonze zolembazo. Injini yogula ikhale ndi malisiti osonyeza kumene yachokera, chifukwa apolisi amafuna kutsimikiza kuti si yakuba. A inshuwalansi nawonso auzidwe, apo ayi tsiku la ngozi adzapeza pothawira. Ndipo popeza galimotoyi munapatsidwa ndi banja, yambani mwasintha dzina la mwini mu bukulo musanachite china chilichonse.

Mukakonza zonse ndatchulazi n'kuyenda nayo miyezi ingapo, mtima n'kumafunabe mphamvu, njira yaulemu ilipo. Nissan 1400 ili ndi injini ya A14, ya 1,397 cc, ya banja lomwelo. Kusiyana kwa hosipawa si kwakukulu, koma pisitoni yake imayenda mtunda wautaliko, 77 mm pamene ya A12 ndi 70 mm, ndiye imakoka bwino injini isanathamange, pamene penipeni mukudandaulapo. Simufunika kompyuta kapena kudula thupi la galimoto. Chenjezo ndi lakuti mainjini a A anasinthidwa pang'ono cha mu 1974, ndipo zogwirira injini zinasuntha malo, choncho ngati yanu ndi ya zaka zoyambirira makaniko ayeze kaye asanalonjeze kuti ingolowa. Ma 1400 a m'mbuyo muno alinso ndi giyabokosi ya magiya asanu ndi mabuleki a madisiki kutsogolo. Kunena zoona, pa ulendo wa ku Lusaka zinthu ziwiri zimenezi n'zaphindu kuposa injiniyo. Giya yachisanu imatsitsa phokoso ndi petulo pamalo athyathyathya, ngakhale kuti ndi A12 muzitsika mu yachinayi pa kachitunda kalikonse. Mukapeza 1400 yochita ngozi kumbuyo, gulani zakutsogolo zonse pamodzi.

Mukadzasankha A14, A12 ya amalume musaigulitse. Ithireni oyilo m'masilinda, mutseke mabowo onse ndi nsanza, muisunge pouma. Nambala yake ndi imene ikugwirizana ndi galimotoyo kuyambira ku fakitale, ndipo anthu okonda magalimoto akale akamaona Datsun yotere, chimodzi mwa zoyamba kufunsa ndi chakuti injini ndi yake kapena ayi. Mapikapu a 1200 osadulidwa atsala ochepa m'chigawo chino cha Kum'mawa, ndipo ine ndingakonde kuti yanuyi ikhale m'gulu limenelo.

Loweruka likubwerali kayezetseni kompuresheni, mupotoze rota ija, muone ndi kukula kwa matayala. Mukanditumizira nambala zinayizo, chaka cha galimoto ndi mtundu wa utsi umene ikutulutsa m'mawa, ndidzakuuzani ngati hedi ikufunika kutsika kapena ntchito yonse ithera pa disitibyuta ndi kabureta.